Injini Yoliza ndi Phazi

Achimwene anga anapuwala miyendo ali mwana. Ankagulitsa maloko pa Msika wa Lilongwe, ndipo ine, wowotcherera zitsulo ku Area 2, ndinawalonjeza njinga yamoto ya matayala atatu.

Kogula injini, mkulu wina wokonza njinga anandilozera kainjini ka sikuta, koyendera lamba, koliza ndi batani. Ndinawaseka. "Achimwene anga ayendere kanthu kolira ngati udzudzu?" Ndinasankha chiinjini cha njinga za kabaza, cha magiya asanu ndi tcheni chonenepa, choti chizikwera mtunda osatsokomola.

Nditamaliza kupanga njingayo, miyezi iwiri ndinkaiyesa ndekha, kuliza ndi phazi, kusintha magiya ndi phazi, osaona vuto lililonse.

Tsiku lowapatsa, anzawo a mumsika anasonkhana. Tinawanyamula achimwene n'kuwakhazika pampando. Anagwira mahandulo, n'kuyang'ana pansi pomwe panali zopondera, kenako miyendo yawo. Apo m'pamene mutu wanga unatseguka.

"Yakongola, mng'ono wanga," anatero. "Taliza ndimve."

Ndinaliza, maso ali pansi. Anthu anaomba m'manja, ndipo amene anaomba kwambiri anali achimwenewo.