Ndinaopseza amayi ndi khoti la ku Africa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene ndinaphunzira mawu oti ufulu wachibadwidwe, ndipo munthu woyamba amene ndinamulasa nawo anali mayi anga ondibereka. Kwathu ndi ku Katuli, kumene minda yambiri inatsamira phiri. Aliyense amene analimako akudziwa kuti chimanga chikangotulutsa ndevu ndiye kuti waitana alendo. Anyani amatsika mame asanaume, wamkulu ali patsogolo, ana ali pamsana pa amayi awo. Sathyola kuti akhute ayi. Amathyola, kuluma kamodzi, kutaya, n'kuthyolanso china, moti munda wopanda mlonda sumaliza sabata.

Pakhomo pathu tinalipo atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Hawa amene anali Sitandade 5. Bambo anali ku Joni. Anapita panjira zodziwa madalaivala a malole okha, opanda pasipoti, ndipo nkhani imeneyi tinkaikamba motsitsa mawu ngakhale tili tokha m'nyumba. Amayi ankakhalira ganyu ndi kugulitsa zitumbuwa pamsika, choncho ntchito ya pachilindo, kakhumbi kaudzu kam'mwamba kamene mlonda wa munda amakhalapo, inali yanga. Chaka chilichonse nyengo ya mondokwa ndinkajomba kusukulu, kenako n'kubwereka makope a anzanga ndi kukopera zimene ndaphonya. Ntchitoyo ndinkadana nayo. Udzudzu, mvula, kukuwa tsiku lonse mpaka mawu kutha, uku ukumva belu la kusukulu likulira kutali popanda iwe.

Aphunzitsi athu a Sosho anali a Mbewe, munthu wamfupi amene malaya ake ankangokhala mbuu ndi choko. Tsiku lina anajambula zitseko zitatu pabolodi. Anafotokoza m'Chingelezi monga mwa lamulo, ataona kuti tangoti maso tong'o anabwereza m'Chichewa. Anati mwana aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo wina akakuphwanyira ufulu pali pogogoda. Chitseko choyamba ndi cha m'dziko muno: malamulo athu, apolisi, makhoti, ndi bungwe loona za ufulu wa anthu. Chikapanda kutseguka pali chachiwiri, chimene mayiko a mu Africa anagwirizana, ndipo khoti lake lili ku Tanzania. Chachitatu ndi cha mayiko onse a padziko lapansi. Sindinkadziwa kuti kutali konseko kuli anthu ovala masuti amene anakhala pansi n'kundiganizira ine, Jafali wa ku Katuli.

Ndinakweza mkono. "Sala, nanga wokuphwanyira ufuluyo akakhala kholo lako?"

"Ngakhale kholo lako," anatero a Mbewe. Anapitiriza kunena zina, ndikuganiza kuti zinali za udindo, koma makutu anga anali atadzaza kale.

Sipanapite nthawi. Madzulo ena nditabwera ku madrasa ndinapeza amayi akusenda chinangwa pakhonde, Hawa akutsuka mbale kuseri. Osadzutsa nkhope, amayi anati, "Jafali, mawa uyambe kuchilindo. Kumunda kwa Che Saidi anyani alowako kale."

"Sindipita, amayi. Ndili ndi ufulu wa maphunziro."

Anaseka, kuseka kwenikweni. "Ufuluwo ukawauze anyani, mwina amva. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mwanangu. Bambo ako kulibe, mwamuna pakhomo pano ndiwe."

Kusekako n'kumene kunandipweteka. Ndinafufuma ngati finye, ndipo ndinalakatula phunziro lonse monga mmene ndinaliloweza. "Mukandikakamiza ndikanena kupolisi. Apolisi akakana ndipita kukhoti la ku Africa. Kumenekonso akakana, nkhaniyi imveka dziko lonse lapansi."

Mpeni unaima pakati pa chinangwa. Amayi anandiyang'ana, kuseka kuja kutabalalika. "Ku Africa kwake kuti? Kumene kuli bambo ako?"

Amayi sanapite kusukulu. Kwa iwo, monga kwa anthu ambiri kwathu, Africa linali dzina lina la Joni, theka la mawu oti Sausi Afilika amene ankamva pa wailesi. Khoti la ku Africa ndiye kuti khoti la m'dziko limene mwamuna wawo ankabisala apolisi. Ine ndinkadziwa kuti a Mbewe anati Tanzania. Mawuwo anali pamlomo penipeni. Koma ndinaona mantha pankhope pawo, ndinaonanso kuti manthawo andigwirira ntchito, ndipo ndinangokweza mapewa.

"Subhanallah," ananong'ona. Anasuzumira kumsewu ngati pali wina akumvetsera. "Mwana iwe, dzina la bambo ako usakalitchule kwa anthu amenewo. Akamugwira tidzadya chiyani? Pita kusukulu kwakoko. Pita ndithu, sindidzakuvutanso."

Ndinapambana mlandu wanga woyamba ndisanavule n'komwe kanzu, mkanjo wanga wa ku madrasa. Ndinagona mtima uli mbee, ndipo funso loti kuchilindo kupita ndani silinandifikire m'mutu ngakhale pang'ono. Yankho lake ndinaliona m'mawa. Hawa anaima pabwalo atavala kabudula wanga wakale ndi chipewa cha bambo, tsitsi atalibisa mkati. Kwathu aliyense amadziwa kuti anyani saopa mkazi. Akaona chitenje kapena diresi amangopitiriza kudya. N'chifukwa chake amayi anamuveka zachimuna. Hawa ankadziyang'ana n'kumaseka, akuyenda motangadza monditsanzira ine. "Achimwene, taonani, ndine Jafali wachiwiri!" Ndinaseka naye, kenako ndinanyamula makope anga. Yunifolomu yake inatsala pachingwe m'nyumba.

Anyani si opusa. Masiku oyamba anathawadi, koma kenako anamva kuti mawu otuluka pansi pa chipewacho ndi a kamtsikana. Hawa ankabwera mawu atasasa, manja atatupa ndi kumenya chigubu, miyendo ili zilonda zokhazokha za minga. Anatiuza kuti nyani wamkulu anazolowera kukhala pachulu pafupi ndi chilindo, akumusendera chimanga pamaso, iye akamugenda amangolewa n'kumuonetsa mano. Ankafotokoza moseketsa, chifukwa Hawa ndi munthu wotero, koma tsiku lina ndinamuona akunjenjemera pomanga chingwe cha kabudula uja. Loweruka ndi Lamlungu ndinkapitako ine, ndipo ndinkadziuza kuti ndikuchita zazikulu.

Nthawi zina ankandifunsa kuti, "Achimwene, kalasi yathu masamu afika pati?" Ndinkayankha kuti sindikudziwa, ndipo sikunali kunama. Koma kalasi yake inali khoma limodzi ndi yanga. Ine amene ndinkadziwa bwino kubwereka makope ndikajomba, sindinalowemo ngakhale kamodzi kukamubwerekera. Pa ana awirife, wamutu pa masamu anali iyeyo. Amayi akasokonezeka pamsika ankaitana Hawa, osati ine.

Chimene sindinachiyembekezere ndi mmene amayi anasinthira. Anasiya kundituma. Nkhuni, madzi, mbuzi, zonse ankauza Hawa kapena kuchita okha. Akamandipatsa chakudya ankachita ngati akulandira mlendo wa boma. Bambo akaimba foni ya apaneba, amayi ankapita okha osanditenga monga kale. Masiku oyamba ndinkaona ngati ndi ulemu, ndipo ndinkakondwa nazo. Patapita nthawi zinayamba kundiwawa, poti palibe chinthu chozizira ngati mayi ako kukuopa. Komabe sindinawamasule. Ndinkaopa kuti ndikangonena kuti khoti lija lili ku Tanzania, mawa lake ndidzuka ndili pachilindo.

Titakolola Hawa anabwerera kusukulu, koma anapeza anzake atamusiya kutali. Mayeso a kumapeto kwa chaka analephera ndipo anabwereza kalasi. Chaka chotsatira ine ndinali Sitandade 8, kalasi ya mayeso aakulu, choncho nyengo ya anyani itafika panalibenso zokambirana. Kabudula uja anali atakhala wake. Anabwerezanso. Pofika nthawi imeneyo anali atasinkhuka kuposa onse m'kalasimo, tianyamata tikumutcha agogo, ndipo tsiku lina anangoti mutu ukumupweteka, sapita kusukulu. Mutuwo sunapole mpaka lero. Ine ndinasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo tsiku lonyamuka amene anandisenzera sutikesi mpaka pokwerera galimoto anali Hawa, akuuza aliyense panjira kuti achimwene ake akhoza.

Ndinaphunzira, ndinafika ku koleji, ndipo mwa maphunziro onse ndinasankha omwewa a malamulo oteteza ufulu wa anthu. Kumeneko ndinazionanso zitseko za a Mbewe, tsopano zili ndi mapangano ake ndi ndime zake. Tsiku lina mphunzitsi wathu ankafotokoza lamulo limene wophunzira aliyense wa zimenezi amalidziwa: zitseko za kunja sizitsegulira munthu amene sanayambe wayesa njira zonse za kwawo. Woweruza wa kunja amayamba wafunsa kuti, kodi kwanu unadandaula kwa yani, ndipo anakuyankha chiyani? Anzanga ankalemba. Ine ndinaika cholembera pansi. Ndinakumbukira kuti mjomba wathu, mlongo wawo wa amayi, ankakhala kutsidya kwa mtsinje chabe, ali ndi anyamata akuluakulu osapita kusukulu. Che Saidi munda wawo unali wogundana ndi wathu, ndipo mlonda mmodzi akanatha kuyang'ana minda yonse iwiri tikanapangana zosinthana. A Mbewe omwewo akanatha kubwera kudzalankhula ndi amayi. Sindikudziwa ngati zikanatheka, mwina onse akanakana. Koma sindinagogode paliponse. Ndinalumpha mudzi wonse n'kukatera ku Africa, chifukwa kumeneko n'kumene amayi ankaopa.

Pa holide ndinawauza amayi zoona zake za khoti lija. Ndinayamba mozungulira, koma anandidula. "Ndinadziwa kale," anatero. "Bambo ako atabwera ndinawafotokozera, anandiseka mpaka misozi. Koma nthawi imeneyo Hawa anali ndi mwana kumsana." Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Hawa pano amagulitsa usipa ndi tomato pamsika wa pa Mangochi boma. Chaka chatha ndinamuyendera, ndinakhala pachidebe kuseri kwa benchi yake tikucheza. Mwana wake woyamba, Zainabu, anabwera kuchokera kusukulu ali ndi nkhani pakamwa: tsiku limenelo anaphunzira za ufulu wachibadwidwe, ndipo ankafuna kudziwa ngati ndi zoona kuti amalume ake amadya za zimenezi. Anayamba kulakatula m'Chingelezi, mayi ake akumuyang'ana monyadira koma osatolapo kanthu. Kenako Hawa anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, inu munaphunzira zimenezi, tandimasulirani. Ine kalasi imeneyo sindinafikemo."

Sananene mondibaya. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati pali mkwiyo, koma ankangofuna kudziwa basi. Ndinamufotokozera zonse: za m'dziko muno, za mu Africa, za dziko lonse. Anamvetsera akuingitsa ntchentche pa usipa.

"Ndiye ufulu wa sukuluwo umayamba munthu ali kalasi yanji?"

"Suyembekeza kalasi, chemwali. Munthu amabadwa nawo."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Ohoo," anatero, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaoneka ngati akufuna kufunsanso china, koma panafika mayi wina wofuna tomato, ndipo anadzuka kukamuthandiza. Ndinafuna kupepesa, ndipo pambuyo pake ndinapepesadi. Anangondimenya paphewa n'kunena kuti tinali ana. Koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo chilonda chake n'chakuti mwana wake amamulakatulira zinthu zimene iye akanaziphunzira bwino kuposa ine.

Sindinena kuti ndinalakwa kufuna sukulu. A Mbewe sananame, ufuluwo unalidi wanga, ndipo mwana sayenera kusiya kalasi kuti akakangane ndi anyani. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti phunzirolo linati mwana aliyense, koma ine ndinamva dzina langa lokha. Ndinatenga chinthu chimene anachipanga kuti chiteteze ofooka n'kuopsezera nacho mayi wosauka, ndipo katundu amene ndinatula sanagwere pansi, anagwera pamutu pa wamng'ono kuposa ine. Masiku ano ndimayenda m'masukulu ndi m'midzi kuphunzitsa za ufulu, ndipo anyamata ochenjera pakamwa ndimawazindikira msanga, chifukwa amakweza mkono ngati mmene ndinkakwezera ine. Ndimawauza zonse, sindiwabisira chitseko chilichonse. Koma ndisanatsike ndimawafunsa kuti, iwe ukakana ntchito imene ikukulepheretsa sukulu, pakhomo panu igwera yani? Ambiri amayang'ana pansi, chifukwa dzina lake amalidziwa. Kwathu inagwera Hawa, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi.