Wojambula Wopanda Chithunzi

Chaka changa choyamba cha maphunziro ku Glasgow, amene ankandipatsa moni pamasitepe a nyumba yathu ku Gorbals anali munthu mmodzi yekha, bambo wokalamba wachizungu wa khomo loyang'anana ndi langa. Ndinkawatchula agogo, iwo osakana. Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi ndinkawapititsira supu n'kukhala nawo mpaka madzulo, poti nane kuchipinda kwanga kunalibe wondidikira.

Ali mnyamata, pankhondo yachiwiri ya padziko lonse ija, ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi zonyamula chakudya. Mfuti sanagwirepo, chawo chinali kamera. Sitima isananyamuke ankajambula anzawo mmodzimmodzi, filimuyo n'kuisiya kwa mayi wina wa sitolo padoko, kuti sitima ikamizidwa makolo atsale n'chogwira. Nkhondo itatha anatsegula situdiyo, n'kukalambira pojambula maukwati a eni ake, iwo osakwatira. Khoma lawo lonse linali nkhope zokhazokha, koma yawo panalibe.

Tsiku lina ndinawapeza atavala jekete, titsitsi tawo atatipesa. Anandipatsira kamera ija.

"Ndijambule, mwanawe. Pabokosi langa padzafunika nkhope."

Kwathu munthu wamoyo sakamba za bokosi lake akumwa tiyi. Ndinaona ngati ndikangodina, ndiye kuti ndawavomera kuti azipita.

"Agogo, musalankhule zotero. Mukadali ndi mphamvu inu."

"Anzanga aja sanamire chifukwa cha chithunzi," anatero akuseka. "Ena anabwerako, n'kumadandaula kuti ndinawakulitsa makutu."

Ine ndi liuma langali, ndinakanabe. Anavula jekete ija mwakachetechete n'kuikoleka kuseri kwa chitseko. Sanapemphenso.

Anamwalira mu Febuluwale, ine ndili m'kalasi. Pamaliro tinalipo anthu anayi. Woyendetsa mwambo atandifunsa ngati ndili ndi chithunzi chawo, ndinafufuza foni yonse. Ndinapezamo zithunzi za mabasi, chipale chofewa chimene ndinatumizira amayi kumudzi, ndi nsapato zina zimene ndinkazisirira m'sitolo. Bokosi linalowa m'manda pamwamba pake pali mbee.

Mpaka lero zimandiwawa. Munthu amene anasungira anthu ambirimbiri nkhope za ana awo anandipempha kanthu kamodzi, kongodina ndi chala. Jekete ija ndimaikumbuka bwinobwino, yotuwa, batani limodzi losiyana ndi anzake. Koma ndikatsinzina kuti ndiwaone agogowo, nkhope yawo siibwera.