Benchi Yotsala ya Kalipentala

Kalipentala wa kuseri kwa msika anali munthu wa zitseko ndi mabedi. Anapala matabwa zaka makumi atatu, koma bokosi la maliro ankalikana kwamtuwagalu. "Ine ndimapangira amoyo," ankatero. Kutchalitchi ankapitako ndi nyundo, chitseko chikavuta. Mapemphero anasiyira mkazi wake, n'kumaseka kuti mmodzi akamapemphera zakwana, poti Baibulo lomwelo likuti awiriwo ndi thupi limodzi.

Kenako mvula inagwa masiku anayi osakata, phiri n'kutsika ndi matope ndi miyala. M'mawa umenewo mkazi wake anali atathamangira kutsidya kukatenga mayi wina wodwala miyendo. Wodwalayo anamufukula tsiku lachitatu, atafa. Mkazi wa kalipentala sanapezeke.

Akufa anachuluka, moti matabwa opangira mabokosi anatha tsiku loyamba lomwelo. Abusa anafika pashedi matope ali m'mawondo, mawu atasasa.

"Bambo, kaphwasuleni mabenchi a m'tchalitchi. Tizipemphera choimirira."

Munthu uja wokana mabokosi anawakhoma sabata yathunthu, misomali yokhota akuchita kuiwongola pamwala. Bokosi la wamkulu linkadya mabenchi awiri, la mwana imodzi n'kutsalako. Sankafunsa dzina, ankangofunsa msinkhu. Atafika pa benchi yomaliza, yachitatu kumbali ya amayi, anaika nyundo pansi. Mpamene mkazi wake ankakhala Lamulungu lililonse, kumapeto, pafupi ndi zenera. Anaisenza yathunthu n'kukaiika m'shedi. Ankadziwa kuti imodzi singakwane, koma anali atayeza kale chitseko cha kuchipinda kuti adzawonjezere. Mkazi wake akadzapezeka sadzapita m'chinsalu ngati wopanda mwini.

Inatha miyezi iwiri. Okumba anachepa, kenako makasu anabwerera m'minda. Amayi a mumpingo ankabwera mosinthana, wina kusesa, wina kuchapa, wina ndi mbale yovundikira. Achinyamata a kwaya anamukhomera malata amene mphepo inasasula, mokhota ndithu, koma sikunadonthenso. Iye ankathokoza, koma kunena zoona anali atatopa. Anatopa ndi kuyenda m'mbali mwa mtsinje ndi ndodo, anatopa ndi mawu oti limbani mtima, anatopa ngakhale ndi chifundo chenichenicho. Abusa anamufunsa kawiri ngati angachite mwambo wa maliro popanda thupi.

"Munthu sitiika ndi nyimbo zokha, abusa," anayankha, osakweza mutu.

Kutchalitchi anthu ankakhala pasimenti pozizira. Panali agogo ena amene akakhala pansi ankadzutsidwa ndi anthu awiri, nyimbo yoimirira n'kutha iwo asanawongoke. Aliyense ankadziwa kumene kuli benchi yotsala, koma palibe anaitchula. Anali ndi pakamwa potani, poti enawo anagoneka abale awo m'matabwa omwewo?

Lachinayi lina masana kunabwera mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, mayi wapakamwa amene kale ankamuseka kuti adzalowa kumwamba ngati katundu wa achemwali. Tsiku limenelo analibe nthabwala. Anaika mbale pansi, n'kukhala pabenchi paja osapempha. Benchi inagwedera.

"Mwendo uwu achemwali anakudandaulirani zaka zingati, alamu?"

"Zisanu ndi chimodzi. Ndinkati mawa."

"Mmisiri ameneyo." Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anapukuta utuchi ndi chikhatho. "Alamu, ine ndatopa. Usiku ndi usana ndimapempha Mulungu kuti apezeke, monga inu. Koma aliyense kuno walira wake, wavula zakuda, wayamba kulima. Ine achemwali anga sindinawalire. Ndiyambire pati inu mukudikirabe? Ndikafuna kulira ndimaona ngati ndikuwapereka."

Kalipentala anayang'ana benchi ija. Masiku onsewa ankayesa kuti akudikira yekha. Sanadziwe kuti pakhomo lomwe watsekalo pali enanso aima panja.

"Ndiye akapezeka mawa?" anafunsa kalipentala.

"Akapezeka, mpingo womwe unapereka mabenchi onse ungalephere bokosi limodzi? Mulungu akudziwa pamene agona, alamu. Sanatayike kwa onse."

Lamulungu m'mawa anthu anamuona akukwera njira ya kutchalitchi, benchi ili paphewa, akupumira pa mtengo uliwonse. Analowa nyimbo yoyamba ili pakati. Kwaya inasokonezeka, ena anapitiriza, ena anangotsegula pakamwa. Anaiika kumbali ya amayi, n'kugwira agogo aja pamkono kuwakhazika. Ena atatu anatsatira mwamanyazi, akuyang'ana pansi.

Abusa anatsika paguwa n'kumuyandikira. Kalipentala anavula chipewa, anachipinda, anachipindanso.

"Abusa, zija munkanena zija. Zopanda thupi."

"Inde, bambo."

"Loweruka likubwerali. Muimbe zambiri, ankakonda kuimba."

Kumbuyo mlamu wake anayamba kulira mokweza, kulira kumene anakusunga miyezi iwiri, ndipo amayi anamuzungulira. Kalipentala anayang'ana uku ndi uku posowa pokhala. Kenaka anakhala pasimenti pakati pa abambo, ndipo wina anamusendezera buku la nyimbo.