Anawerenga Mphini Zanga, Osaona Unyolo

Sendezani mipando mufike pafupi, mawu anga sapitanso patali. Ine sukulu sindinaiponde. Akulemba apa ndi NyaZimba, mkazi wa mwana wanga Yotamu. Yotamu amatha kulemba, koma manja ake manje sagwira kanthu. Nkhani yake ndi imeneyo.

Chimanga chitangomasula, kwa mphunzitsi wina kunabedwa sola. Apolisi a kuno kuchigwa anakamutenga Yotamu kumunda, kumene amalondera njovu. Atakana mlandu, anamukweza pa kampelwa. Inu a m'tauni musaganize za katungwe wa ana, ngakhale mawuwa amatanthauza katungwe. Amakumanga unyolo m'manja, chitsulo kunsi kwa mawondo, nʼkukupachika pakati pa matebulo awiri, mutu pansi. Anabwerako manja atatupa ngati maungu, unyolo utadya mnofu kuzungulira.

Tinapita naye kukiliniki. Dokotala, munthu wochokera kutauni, sanamukhudze nʼkomwe. Akuti mabala omenyedwa sawaona popanda pepala la kupolisi. Ndinati, mwananga, omenyawo ndi apolisi omwewo. Akuti, "Ambuya, ni lamulo chabe."

Tinapita kupolisi. Mukuganiza pampando tinapeza ndani? Yemweyo, amene anagwira chitsulo. Anamuyang'ana Yotamu nʼkuseka, akuti, "Iwe, wayewa kampelwa? Ufuna ukwerepo kachiwiri?" Pepala akuti latha. Tsiku lina akuti lilipo koma chidindo chili ndi bwana. Tsiku linanso bwana ali ku boma ku Chama. Chidindo chimakwera njinga? Chimadwala malungo?

Uku manja akuda. Munthu wamkulu, bambo wa ana, akubuula mpaka adzukulu anga kuthawa m'nyumba. Inu mukanatani? Ine ndinachita zimene amayi anga ankachita munthu akatupa. Ndinatenga lumo latsopano, kutema mphini m'mikono, kupakamo mankhwala. Anagonako tulo.

Pepala tinalipeza kwa wapolisi wina wamkazi, amene anatipatsa mwakachetechete mnzake atapita kukadya. Tinabwerera kukiliniki. Dokotala uja anatembenuza dzanja la Yotamu ndi nsonga ya cholembera, ngati akutembenuza nsomba yowola.

Akuti, "Izi ni mphini. Anatema ndani?"

Ndinati ndine.

Akuti, "Manje mufuna nilembe chani? Mabala mwapanga mweka kunyumba. Ku khoti azakamba kuti ni ng'anga inamuononga."

Ndinati, bwana, yang'anitsitsani. Mphini zanga ndi izi, zing'onozing'ono ngati mpunga. Nanga ichi chozungulira mkono wonse ngati chibangiri, lumo langa limayenda mozungulira? Akuti iye amalemba zimene akuziona, ndipo pamzere pali anthu ambiri. Analemba za mphini basi. Anatipatsa panado.

Ndiye ndikufunsa, inu akuluakulu a zachipatala ndi a zapolisi. Mukanamuona tsiku loyamba lija, mphini zikanachokera kuti? Munatiyendetsa dala kuti mabala apole, kapena kuti ife titope? Ndani anakhazikitsa zoti womenyedwa azikapempha chilolezo kwa womumenya? Ndikufuna dzina lake ndilimve.

Ndipo inu amayi anzanga a ku Chifunda, ku Chikwa, ku Tembwe, mwana wanu akabwerako kupolisi ndi mabala, lumo muyambe mwaliika pansi. Pezani wa foni ajambule kaye, mboni zione. Chifundo chanu adzachisandutsa mlandu wanu.

Mufuna kudziwa kumene aliyense ali? Sola inapezeka kwa mlamu wake wa mphunzitsi, anakambirana pachibale, zinathera pomwepo. Wa chitsulo uja anamusamutsira kwina, ndamva wanenepa. Wapolisi wamkazi akatiwona pamsewu amayang'ana kumbali, ndipo sindimuda. Dokotala akadali pampando wake. Munda njovu zinamaliza, poti wolondera panalibe. NyaZimba ndiye amamumangira mwamuna wake mabatani a malaya m'mawa uliwonse, ana akuona.

Ine Lolemba ndikukwera naye Yotamu kupita ku boma, kukafuna woweruza. Pepala lawolo ndilinyamula, koma sindikayamba ndi pepala. Ndikamupinda malaya mwana wanga, ndikaike manja akewo patebulo. Mphini zanga ndikazivomera imodziimodzi. Zikatha, wina akandiuze mwini wa chibangiricho.