Amayi Awiri a Dalton

Achemwali anga a Glenda Tackett, omwe tawaika m'manda mwezi wathawu, anali munthu wansanje, ndipo sankabisa. Pamaliro abusa anati anali mayi wofatsa. Abusawo sankawadziwa bwino. Komatu nsanje yawo sinali ya galimoto kapena nyumba za anthu, ayi. Inali ya mwana wawo mmodzi yekhayo, Dalton.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri anagwira ntchito ku fakitale ya nkhuku kwathu ku Arkansas, kudula mapiko ali chiimire m'chipinda chozizira ngati mufiriji, mpaka zala zinapindika. Amuna awo a Boyd anatisiya Dalton ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kuyambira pamenepo aliyense amene mwanayo wamukonda ankasanduka mdani wa a Glenda, kaya ndi mphunzitsi, kaya kochi wa mpira, ngakhale galu amene.

Dalton anali woyamba m'banja mwathu kupita ku yunivesite. Kumeneko analowa nyumba ina ya chibale, zija za zilembo zitatu zachigiriki pamwamba pa khomo, momwe anyamata makumi asanu amagona, kudya, n'kumaitanana kuti "mbale" ngati anayamwa bere limodzi. Za ubalezo a Glenda analibe nazo kanthu. Chomwe chinawalasa mtima n'chakuti m'nyumbamo munali mayi wolembedwa ntchito yoyang'anira, a Maxine Purcell, amasiye a imvi mutu wonse, ndipo mwambo wake ndi wakuti anyamata onse amawatchula kuti Amayi.

Anazimva pafoni, Lamlungu lina.

"Amayi akuti ndisiye kudya chiimirire," anatero Dalton.

"Ndanena liti ine?"

"Osati inu. Amayi akuno."

"Amayi akuno! Anakusintha thewera kangati amayi akunowo? Chikuku chitakugwira anali kuti?"

"Amayi, inunso! N'dzina chabe."

"Ngati n'dzina chabe uziwaitana Maxine. Nalonso n'dzina."

Chaka chachitatu anzake anamusankha Dalton kukhala mkulu wa oyang'anira za mowa pamaphwando a nyumbayo. Si udindo wokoma. Ndiye ankasaina fomu ku ofesi ya yunivesite phwando lisanachitike, ndipo chikalakwika chilichonse, woyamba kuitanidwa ndi iyeyo. Mwezi womwewo anakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi, zaka zomwe lamulo limamulola munthu kumwa. Ndiye kalata itabwera yoitanira amayi onse ku phwando la masana Loweruka lina mu Epulo, a Glenda anadziwiratu choti anyamule.

Kwa a Tackett kuli mwambo wawo. Mwana wamwamuna akafika pa chinthu chachikulu, kaya wapeza ntchito, kaya wakwatira, amamumwetsa kachasu wa mapichesi pa chivindikiro cha botolo, kamodzi kokha. Botolo lomaliza lomwe a Boyd anatcheza ndi manja awo, a Glenda analisunga kuseri kwa ufa zaka khumi ndi ziwiri, kudikira tsiku ngati limeneli. Mumtima ankati: mayi uja angathe kumuphikira, angathe kumusokera batani, koma ichi alibe.

Anafika dzuwa lili paliwombo, atavala diresi yawo yakutchalitchi. Pageti panali tebulo, ndipo patebulopo panakhala a Maxine ndi mndandanda wa maina. Aliyense ankaonetsa chiphaso. Wa zaka zokwanira ankamumanga chibangiri chapepala pamkono. Mowa aliyense ankabwera ndi wake, zitini zosapitirira zisanu ndi chimodzi, n'kuzisiya patebulopo, n'kupatsidwa matikiti otengera chimodzichimodzi. Mowa waukali sunkaloledwa ngakhale pang'ono.

"Ndinu amayi ake a Dalton! Mphuno yomweyo," anatero a Maxine, akuimirira n'kutambasula manja. "Ndakhala ndikufuna kukuonani. Mwana wathu uja ndi golide."

Mawu oti "wathu" a Glenda anawameza ngati munga wa nsomba.

"Ndione m'chikwamamo, pepani, timatero ndi aliyense." Anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Aa, mayi, ili silingalowe."

"Si la phwando lanu ili. Ndi la bambo ake a mwanayu."

"Ndikumva. Komabe likhale m'galimoto."

Dalton anabwera chothamanga, atavala malaya achikasu, omwe oyang'anira amavala kuti aliyense adziwe kuti tsiku limenelo iwo salawa ngakhale dontho. Anawakumbatira a Glenda, n'kuliona botololo, nkhope n'kugwa.

"Kachivindikiro kamodzi basi, mwanawe. Ndi la bambo ako."

"Lero sindingathe. Mwaona malayawa?"

"Malaya amamwa mowa?"

Amayi ena omwe anali pamzere pagetipo anaseka. Dalton anayang'ana pansi, kenako anati, "Amayi anena kale, silikulowa."

Ananena pamaso pa anthu, dzanja lake lili paphewa la a Maxine.

A Glenda anabwerera kugalimoto, n'kukhalamo kanthawi mawindo ali otseka, thukuta lili chuchuchu. Anali ndi fulasiki yaikulu ya tiyi wozizira wothira shuga wambiri, wakumwa panjira. Anataya theka pansi, n'kukhuthuliramo botolo lonse. Maganizo awo anali oti Dalton akavula malaya ajawo madzulo, amukokere kuseri kwa nyumba amwe, awiriwiri, mayi ndi mwana.

"Ndi tiyi ameneyo?" anafunsa a Maxine pageti.

"Tiyi. Mukufuna mununkhize?"

"Ayi, mawu a mayi mnzanga akwanira."

M'bwalomo munali nyama yootcha, chimanga, nyimbo. Kunabweranso atsikana a nyumba ya chibale yoyandikana nayo pamodzi ndi amayi awo. A Glenda anakhala pampando wapakona, fulasiki pamiyendo, osadziwa wina aliyense. Cha m'ma fili koloko anyamata onse anandanda pamasitepe, n'kuwakhazika a Maxine pakati, n'kuwaimbira nyimbo ya nyumbayo. Wopereka maluwa anali Dalton. Anawapsompsona pamphumi, anthu m'manja phuphuphu. A Glenda anaona kuti akakhala pomwepo alira ngati mwana. Anaika fulasiki ija patebulo lomwe linali pafupi n'kulowa m'nyumba kukafuna bafa. Sanaone kuti tebulolo linali la madzi ndi zoziziritsa kukhosi, la amene alibe zibangiri.

Kubafako anakhalitsa. Potuluka anapeza nyimbo zazima, anthu aunjikana kumpanda. Pansi panagona mtsikana wochepa thupi, Kinsley dzina lake, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, milomo itayamba kuda. Anzake ankalira, akuti anamwako pang'ono kwawo asanabwere, koma pano wangomwa tiyi basi, makapu atatu, ankati ngokoma ngati mapichesi.

A Glenda anadziwa kuti ndi tiyi wawo uja.

"Kamugonekeni m'chipinda," anatero a Glenda. "Mum'patse khofi wowawa, adzuka yekha. A Boyd tinkawatero."

"Wotere sagonekedwa yekha, mayi, amafera kutulo," anayankha a Maxine osatembenuka. Anali atagwada kale pa udzu, atamutembenuzira mtsikanayo chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, akuwerenga mpweya wake. "Dalton, imba foni."

Mnyamata wina wamtali anamugwira mkono. "Mbale, taganiza kaye. Ukaitana ambulansi tatha ife. Atitsekera nyumba."

"Atseke. Chotsa dzanjalo, Brantley."

Ambulansi inamutenga mtsikanayo akupuma. Pasanathe ola kunafika bambo wa ku ofesi ya yunivesite, wa magalasi, mafomu ali m'manja, n'kuwaitanira kuchipinda chodyera Dalton, a Maxine ndi aliyense woti anaona kanthu. Fulasiki ija inali pakati pa tebulo. Dalton anaitsegula n'kununkhiza, n'kutseka pang'onopang'ono. Anawayang'ana a Glenda kamodzi kokha.

Bamboyo analankhula mosapsatira. Akapanda kupezeka amene walowetsa mowawo, zitengedwa kuti nyumbayo ndiyo yamwetsa mwana wosakwana zaka. Nyumba itsekedwa, ndipo amene anasaina fomu akhoza kuchotsedwa sukulu, chaka chimodzi chokha chitatsala kuti amalize.

A Glenda mantha anawagwira. M'maganizo ankaona apolisi, ankaona azimayi akutchalitchi akunong'onezana, ankaona mabwana a ku fakitale.

"Lembani dzina langa," anatero a Maxine. "Pageti ndinali ine. Fulasikiyi inadutsa pamaso panga, sindinanunkhize. Mwini wake sindikumukumbuka, anthu anali ambiri. Mwanayu musiyeni."

"Mukudziwa kuti ntchito yanu ithera pomwepa?" anafunsa bamboyo.

"Ndakalamba kale ine."

Dalton anawagwira dzanja a Maxine, misozi ili mbwembwembwe, akuwayang'ana mmene sanayang'anirepo munthu wina chikulire. A Glenda ataona zimenezo, mantha onse aja anathawa. Chomwe chinabwera ndi nsanje yawo yakale ija, yotentha. Anaona zaka zonse zikubwerazo: Dalton akufotokozera mkazi wake, ana ake, za mayi amene anataya ntchito chifukwa cha iye.

Anaimirira mpaka mpando unagwa.

"Iyayi! Mwana wanga mwatenga, dzina langa mwatenga, tsopano mukufuna mutengenso tchimo langa? Fulasikiyo ndi yanga, bambo. Tembenuzani, pansi pali dzina langa, ndinalemba ndi penti wa zikhadabo kuti asamandibere kuntchito. Mowawo ndathira ndine, m'galimoto, atandikaniza kale. Mayiwa anandifunsa, ine ndinawanamiza. Mwana wanga sankadziwa. Bweretsani pepalalo."

"Mayi, khalani pansi kaye," anatero a Maxine.

"Inu musandiuze pokhala."

Pafomupo panali mzere wofunsa ubale wawo ndi wophunzira. A Glenda analemba kuti "mayi ake omubereka", akutsindika mpaka cholembera chinaboola pepala.

Kinsley anagona m'chipatala masiku awiri, n'kuchira. A Glenda anakaonekera kukhoti, ndipo anawalamula kutola zinyalala m'mbali mwa msewu Loweruka lililonse miyezi itatu, atavala chovala chowala, anthu akwathu akudutsa n'kumawalizira mahutala. Analembera kalata makolo a mtsikanayo katatu, osayankhidwa, ndipo ankati akanakhala iwo sakanayankhanso. Nyumba ija anailetsa mowa chaka chathunthu. Dalton anamuchotsa paudindo, koma sukulu anamaliza. Foni sanaimbe mpaka pa Khirisimasi, pomwe anangotulukira pakhomo ndi chikwama cha zovala zakuda, n'kufunsa ngati makina ochapira akugwirabe ntchito.

Ine ndinawafunsapo tsiku lina kuti, achemwali, mayi uja akanakhala chete, inu mukanaulula? Anati sakudziwa, ndipo ndisadzawafunsenso.

A Glenda sanawakhululukire a Maxine mpaka imfa, ngakhale panalibe chokhululuka. Chaka chino matenda a m'mapapo atawagoneka, mayi aja anayendetsa galimoto maola atatu, ndi ukalamba wawowo, kudzasiya mbale ya nkhuku yophika ndi mpunga. Sanalowe, anangomupatsa Dalton pakhonde n'kubwerera. A Glenda anali atakana chakudya masiku anayi. Atamva kuti waphika ndi ndani, anati awadzutse, awatsamiritse kupilo, awapatse supuni. Anadya pang'onopang'ono, akupumira, mpaka anafika theka.

"Mpungawu wabwino," anatero. "Koma nkhukuyi anaidula molakwika. Ndipo mchere mulibe. Dalton, zaka zinayi zonse zija unkadya zimenezi?"