Ndinamenyetsa mlimi chifukwa cha milu ya chinangwa

Ndine amene ndinachititsa kuti bambo wina athyoledwe mkono, ngakhale ndodo sindinaigwire.

Inu owerenga, izi zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, boma litandituma ku Mlare, kumpoto, ngati mlangizi wa zaulimi. Kwathu ndi m'chigawo chapakati. Kusukulu anatiphunzitsa kulima pa mizere, ndipo ndinapita ndi chingwe changa choyezera. Ndinapeza anthu akubzala chinangwa pa milu italiitali. Ndinkaona ngati ndi umbuli.

Akuluakulu a ku ofesi anati adzabwera kudzayendera minda. Ndinkafuna andikweze pantchito, choncho ndinalamula kuti milu yonse ya m'mbali mwa msewu igumulidwe, abzale pa mizere. Ambiri anamvera chifukwa cha mantha. Bambo wina wachikulire, amene ndingomutchula kuti a Mwalwimba, anakana.

"Alangizi, mwana wanga," anatero m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chinkhonde, "madzi a kuno simunawaone. Dikirani mvula ikule."

Anthu anaseka. Kusekako n'kumene kunandipweteka. Ndinapita kwa tcheyamani wa chipani n'kunena kuti a Mwalwimba akunyoza boma. Ndinkadziwa kulemera kwa mawu amenewo masiku amenewo.

M'mawa mwake anyamata a chipani anafika kumunda kwa a Mwalwimba, ine ndili patsogolo kuwalozera njira. Sanafunse kanthu. Wina anawalanda khasu, n'kugulula mpini. Anawamenya kumsana mpaka anagwa chafufumimba. Atatchinga kumutu ndi mkono, mpini unatera pomwepo, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Akazi awo atadzigwetsera pamwamba pawo, nawonso anapondedwa. Kenako anyamatawo anakakamiza ana a mkuluyo kugumula milu, bambo awo akutuluka magazi m'kamwa. Ine ndinangoima, chingwe chili m'manja. Mawu amodzi ochokera kwa ine akanawaletsa. Sindinawanene.

Mvula itakula, madzi anadzaza minda ija kwa masabata. Chinangwa cha pa mizere yanga chinaola chonse. Chaka chimenecho mabanja a m'mbali mwa msewu ankagona ndi njala, ndipo ana angapo anatupa miyendo.

Tsiku lina a Mwalwimba anafika pakhomo panga, mkono uli wokhota. Anatula pansi mizu itatu ya chinangwa.

"Idyani, alangizi. Ichi n'cha pa milu ya kuseri kwa nthochi, ija munaiwala kugumula."

Anatembenuka n'kumapita. Sanagwirenso khasu mpaka imfa yawo, ndipo ine sindinapepese. Ndinangopempha kuti andisamutse.

Inu amene boma lakutumani kudera la eni, mukaona anthu akulima mosiyana ndi buku lanu, funsani chifukwa chake musanalamule. Ndipo mukapsa mtima, musakapereke dzina la munthu kwa anthu ogwira ndodo. Ine ndinapereka, ndipo mpaka lero ndikamva nkhuni ikuthyoka ndimasiya chimene ndikuchita.