Tsiku Limene Ankhoswe Anakana Kuima Pamzere

Ku Mponela kuli mayi ena, dzina lawo Anjelina Kamzati, amene akhala akuphika pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya mpingo kuyambira ali mtsikana. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo ku Mvera, ndipo amuna awo atamwalira, mapoto ndiwo anawalerera ana awo onse. Ndi mayi aafupi, olankhula mofatsa, ndipo sindinawamvepo akukalipira munthu, ngakhale mpunga utapserera.

Chaka china anapita ku ukwati ku Lilongwe. Kumeneko anaona chakudya chitayalidwa pa tebulo lalitali m'ziwiya zonyezimira, aliyense akudzipakulira yekha. Anachita nazo chidwi kwambiri, pakuti panalibe wothamanga ndi mbale, panalibenso wodandaula kuti wamanidwa nyama. Atabwerera anagula ziwiya zoterozo, ndipo anaziyambira pa chinkhoswe cha Ulemu, mwana wa mkulu wawo, amene ankakwatiwa ndi Tamandani wa kumapiri a Ntchisi.

Mwambo utatha, achinyamata anaima pamzere mokondwa, mbale zili m'manja. Koma a Petulo, amalume a Tamandani, amenenso anali ankhoswe a kuchimuna, anakhalabe pampando, chipewa chili pabondo. Akuluakulu onse amene anabwera nawo anachita chimodzimodzi. Mayi Anjelina anadziwa kuti ankhoswe akachoka osadya, akuchimuna adzati anyozedwa, ndipo Ulemu adzalowa m'banja limene lamukwiyira kale.

Anapita kukagwada pambali pa a Petulo.

"Bambo, chakudya chapsa. Masiku ano munthu amadzipakulira yekha chimene mtima wake wafuna."

"Zikomo kwambiri, mayi," anayankha a Petulo. "Ine mzere ndimaima pogula feteleza. Kuno ndimayesa ndabwera ngati mlendo."

"Pepani, bambo. Ndikupakulirani ineyo."

"Mwachita bwino. Mundibweretsere nkhuku ya ankhoswe, ndione nthutumba yake."

Apa m'pamene mayiwo anazindikira pamene analakwitsa kwenikweni. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka amamuphikira nkhuku yakeyake, ziwalo zonse zilimo, ndipo nthutumba ikasowa, amati wapatsidwa zotsala. Iwo anali ataduladula nkhuku zonse n'kuzisakaniza m'chiwiya chimodzi, ndipo nthutumba zinali zitapita kale ndi oyambirira pamzere.

Sanafune kubisa.

"Bambo, nthutumba adya ana. Wolakwa ndine, osati Ulemu. Chonde, ndilezereni mtima, muyambe mwamwa thobwa."

"Thobwalo nalonso ndikaimire pamzere?"

"Ayi, bambo, limenelo ndilinyamula ndekha kufika pamene mwakhalapa."

A Petulo anaseka pang'ono, chipewa chija n'kuchiika pansi pa mpando.

Atapereka thobwa kwa akuluakulu onse, Mayi Anjelina anathamangira kuseri, nagwira nkhuku yaikazi ya mkulu wawo, imene inali itangoyamba kuikira mazira. Mwiniwake anadandaula, koma anawathandiza kuthira madzi otentha. Anaitana a Abasi, mnansi wachisilamu amene anazinga nkhuku zonse m'mawa kuti alendo onse adye momasuka, ndipo anazinganso imeneyo. Mayi Anjelina anaiphika pamafuwa, m'poto wakale wakuda, osataya chiwalo ngakhale chimodzi.

Nkhuku itapsa anabwera ndi beseni ndi jagi, nagwadanso, nawasambitsa a Petulo m'manja, kenaka akuluakulu ena motsatana. Pomaliza anavundukula mbale. A Petulo anafufuza ndi supuni mosafulumira kufikira ataipeza nthutumba ija. Anaidula pakati, theka n'kupatsa ankhoswe a kuchikazi.

"Mtsikanayu tamulandira," anatero. "Koma mayi ake aang'onowa muwauze kuti tsiku la ukwati ndidzafuna nkhuku ziwiri, chifukwa ine njala yandipweteka lero."

Ziwiya zonyezimira zija Mayi Anjelina akuzigwiritsabe ntchito mpaka lero, makamaka pa maphwando a aphunzitsi ndi a ogwira ntchito m'maofesi a pa Boma, amene amakonda kudzipakulira. Koma munthu akabwera kudzawapempha kuti akaphike, asanakambe za mpunga kapena za nyama, amamufunsa mwaulemu kuti mwa alendo akewo, ndani amene sayenera kunyamuka pampando.